Makwerero Amene Dainess Anakana

Thornton Heath,
Croydon,
London.
14 Okutobala, 2007

Okondedwa Achimwene a Paterson,

Ndiyambe ndi moni m'dzina la Iye amene watisunga, inu kumeneko ndi ife kuno. Kodi mukudzuka bwanji ku Linthipe? Bondo lija likukulolani kufika kudimba? Nanga alamu anga akupeza bwanji ndi shuga wawo?

Ife kuno tili bwino. Miyendo yanga ndiyo imadandaula m'mawa, koma ikangoona tiyi imakhala chete. Mdzukulu wanu Luntha wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Mano awiri akutsogolo anachoka, ndipo Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi ngati bwanamkubwa. Mayi ake, Dainess, akugwirabe ntchito ya unamwino. Mundikhululukire kuti ndimutchula dzina. Kwa ine anasiya kalekale kukhala mpongozi, ndi mwana wanga.

Achimwene, mawu amene munanena pa foni paja ndinawamva onse. Munati mu Disembala, pomanga chiliza cha mwana wanga Biswick, simudzamusudzula Dainess monga tinapanganirana. Munati ananyoza mtundu wathu pothamangitsa mwana wanu Marvin pamodzi ndi abambo a ku tchalitchi atabwera kudzamuthandiza. Munatinso mwamva kuti pa denga la nyumba ya malemu pakukwera kale mwamuna wina.

Sindinakuyankheni tsiku lija. Khadi la foni linali kutha, komanso mukundidziwa: ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo mwana wolemba yankho lokha osaonetsa njira sindinkamuchonga. Choncho lero ndikuonetsani njira yonse, yankho mulipeze nokha. Inu ndinu malume ake a Biswick, ndinunso nkhoswe ya ukwati uwu. Mawu otsiriza ndi anu.

Nkhani inayamba ndi kuzizira. Inu mumati ku Dedza kumazizira mu Juni. Kumeneko ndi masewera. Kuno nyumba iliyonse ili ndi chipangizo chotchedwa boyila, choyaka ndi gasi, chimene chimatenthetsa madzi osamba ndi madzi oyenda m'mapaipi otenthetsa zipinda. Gasiyo amadutsa pa mita, ndipo mita yathu ili pansi pa masitepe, pafupi ndi pamene timasiya nsapato.

Chimwalirireni Biswick zaka zitatu zapitazo, ngongole ya nyumbayi akuibweza Dainess yekha. Chaka chatha mtengo wa gasi unakwera kwambiri. Ine, monga mwa chizolowezi changa, ndinayamba kuwerenga mita ija m'mawa uliwonse. Manambala ake ankathamanga ngati akuthawa galu. Ndiye Dainess akangotuluka kupita kuntchito ndipo Luntha wapita kusukulu, ndinkazimitsa boyila, n'kuvala majuzi atatu. Posamba ndinkawiritsa ketulo imodzi yokha, n'kuthira m'beseni.

Mu Novembala chibayo chinandigwira. Ndinagona m'chipatala, ndipo nditatuluka Dainess ndiye ankandisambitsa ndi manja ake. Sanandikalipire. Anangondiuza akundipukuta kumsana kuti ndinabwera ku London kudzalera mwana, osati kudzalondera mita. Ndinamuyankha kuti maso a mphunzitsi wa masamu sangaone nambala n'kuilambalala. Anaseka, n'kunena kuti ngati ndi choncho apeza madzi opanda nambala.

Ine ndinkayesa nthabwala. Patapita milungu ingapo anabwera ndi mapepala.

Boma la kuno, Achimwene, likufuna kuti anthu achepetse gasi ndi mafuta, ayambe kutenthetsa nyumba ndi zinthu zosatha monga dzuwa kapena kutentha kwa m'nthaka. Amene wavomera kusintha, boma limamuthandiza ndi gawo la ndalama. Dainess anasankha sola. Si sola ya magetsi ngati ya ku chipatala cha mishoni ija ayi. Iyi ndi magalasi awiri aakulu ngati zitseko, okhala pa denga, m'kati mwake muli timapaipi. Dzuwa likawomba, kutentha kumatsikira ku thanki ya madzi m'nyumba.

Ndinatenga pensulo n'kuwerengera. Ntchito yonse inali ya mapaundi pafupifupi 3,600, ndipo boma linkapereka 400 okha. Ndinamuuza kuti masamuwo sakutuluka, ndalamazo zisanabwerere ine ndidzakhala nditatsikira kale kuli chete. Mukudziwa zimene anayankha? Anati iye sakugula phindu. Anati madzi a dzuwa sadutsa pa mita, ndiye ndikamasamba sindidzakhala ndi chowerenga. Anatinso gasi amene tidzapulumutse m'chilimwe ndi amene adzatenthetse chipinda changa m'nyengo yozizira.

Ndinaika pensulo pansi. Pa moyo wanga wonse ndi anthu ochepa amene anandiikitsa pensulo pansi.

Tsono thandizo la boma lili ndi malamulo ake, ndipo pamenepa ndi pamene pali mutu wa mlandu, choncho muwerenge mofatsa. Choyamba, usanapemphe n'komwe, uyenera kuyala zofunda kudenga, m'kati mwa siling'i, kuti kutentha kusathawe. Ntchito imeneyo angagwire aliyense. Chachiwiri, magalasiwo ayenera kuikidwa ndi mmisiri amene dzina lake lili pa mndandanda wa ovomerezeka. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, sungayambe kuika magalasi chilolezo chisanafike. Ukangokhoma msomali umodzi chisanafike, thandizo lonse lapita.

Pa ntchito yoyamba ija Dainess anapempha Marvin. Ndikufuna mumve bwino kuti mwana wanu anagwira ntchito yotamandika. Loweruka lina mu Januwale anachokera ku Ilford ndi abambo asanu ndi awiri a ku tchalitchi, atanyamula mipukutu ya chinthu chonga thonje chokhuthala, choyabwa ngati chitedze. Marvin ndiye ankalamula, ndipo sanasiye mpata ngakhale wolowa chala.

Tsiku limenelo m'nyumba muno munabwerera chimwemwe chimene chinachoka ndi Biswick. Abambo Reinford, mkulu wa mpingo, anapanikizika pa kabowo kolowera kudenga, mutu m'mwamba miyendo pansi. Anyamata ankawauza kuti asavutike kutsika, iwowo ndiwo akhale chotsekera, kutentha sikungadutse pa mimba imeneyo. Iwo ali pomwepo amvekere, inu ana opanda mwambo, mimba iyi ndi madalitso, ikokeni mwaulemu. Anadya mpunga ndi nkhuku, anaimba, anapemphera, n'kupita. Dainess anawathokoza atagwada.

Kenako kunabwera kudikira. Nthawi imeneyo ndalama za thandizo ankazitulutsa pa tsiku loyamba la mwezi, ndipo unkapempha pa kompyuta. Opempha anali ambiri, ndalama zochepa. Mu Febuluwale Dainess anali kuntchito, pobwera anapeza zatha. Mu Malichi anasinthana shifiti ndi mnzake, anakhala pa kompyuta m'mawa, koma asanamalize kulemba zinali zitathanso. Kenako boma linaimitsa kaye zonse kuti likonze kagawidwe kake. Ine ndinkati zakanika. Iye anangopinda mapepala ake, n'kuwaika pamwamba pa kabati, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Marvin kudekhako kunamuvuta. Ankati akabwera n'kundiona ndavala majuzi, mtima unkamupweteka. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona.

Loweruka lotsatira Pasaka, m'mawa, ndinamva galimoto itaima pakhomo ndi mawu a anthu akuimba. Nditasuzumira pazenera ndinaona Marvin ndi abambo asanu, a Reinford ali pomwepo, akutsitsa makwerero aatali ndi magalasi awiri a sola ogwirapo kale ntchito. Marvin anawagula ndi ndalama zake ku nyumba ina imene inkagwetsedwa. Sanauze munthu, ankafuna kutidabwitsa.

Achimwene, inu ndi ine tikudziwa kumene zimenezi zinachokera. Kwathu denga la mayi wamasiye likamadontha, supita kukapempha chilolezo. Umangofika ndi udzu ndi luzi. Mwana wanu anachita zimene inu munamuphunzitsa. Kungoti denga lake linali la ku Croydon.

Dainess anali atangogona, atachokera ku shifiti ya usiku. Chinamudzutsa ndi kugunda kwa makwerero pa khoma. Anatuluka wopanda nsapato, chitenje atachikulunga pa malaya ogonera. Marvin anali atayamba kale kukwera. Ine ndinali pakhomo, ndinaona zonse ndi maso angawa, ndipo makutu anga akadali abwino.

Dainess sanathamangitse munthu. Anagwada pa simenti yozizira, n'kugwira makwerero ndi manja awiri. Anati alamu, chonde tsikani, ndakupemphani. Anafotokoza za chilolezo chija, kuti sichinafike, ndipo akangokhoma chilichonse thandizo litayika.

Marvin anaseka ali m'mwamba. Anati mutu umodzi susenza denga, alamu, ife tabwera kudzasenza nanu. Anafunsa kuti kodi boma lili ndi maso pa denga lililonse la mu London? Akuti ife tiika lero, chilolezo chikadzabwera tidzapeza mmisiri woti angosaina, ndalama mudzalandira, azakhali ayambe kusamba mawa lomwe.

Dainess anayankha kuti pa fomu pali malo amene iye ayenera kusaina kuti ntchito sinayambe. Anakweza dzanja lake lamanja, akuti dzanja ili ndi limene amasainira mankhwala a odwala, ndipo likazolowera kusaina bodza kunyumba, silidzadziwa kusiya kuchipatala. Ananenanso kuti madzi a sola amatentha mpaka kusupula khungu, ndipo thanki yake idzakhala kudenga, pamwamba penipeni pa bedi langa. Akuti pamenepo pafunika munthu amene anaphunzira ntchito imeneyo, woti ikalakwika adzayankhe.

Marvin anafunsa ngati akutanthauza kuti iwo ndi mbuli. Asanayankhidwe, mmodzi wa anzake anafuula kuti tsika injiniya wa ku Ilford, satifiketi yako inatsala pa bwalo la ndege. Onse anaseka. Chimene chinamulasa mwana wanu, Achimwene, ndi kuseka kumeneko, osati mawu a Dainess. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatsika, n'kunena mokweza kuti nyumba ino ndi ya msuweni wake, ndipo sangauzidwe zochita ndi munthu wobwera.

Dainess akadali chigwadire anayankha motsitsa kuti inde, ndi ya msuweni wanu, ndipo amene adzagone pansi pa thankiyo ndi mayi ake.

Mawu onse amene ananena ndi amenewo. Ngati muli chipongwe m'menemo, chipezeni inu, ine ndachifunafuna sindinachione.

Dainess anawapempha kuti alowe amwe tiyi. Ndinatulutsa makapu asanu ndi limodzi, asanu anabwerera m'kabati ali ouma. A Reinford okha ndiwo anatsala. Anamwa tiyi wawo, n'kunena potuluka kuti mwana uyu ali ndi msana, sagwedezeka.

Mawa lake, titatuluka m'tchalitchi, Dainess anakwera sitima ndi mabasi mpaka ku Ilford kukapepesa. Ananyamula ndalama zobwezera magalasi aja, ndiponso nkhuku. Poti kuno nkhuku yamoyo suipeza, inali ya m'firiji, youma ngati mwala. Mkazi wa Marvin analandira nkhuku. Marvin anakana ndalama, anakananso kutuluka kuchipinda. Dainess anakhala pa mpando nthawi yaitali, n'kubwerera. Za ulendo umenewu ndikukayika ngati munauzidwa.

Kumapeto kwa Meyi boma linatsegulanso, ndipo mu Juni chilolezo chinafika. Dainess anandipatsa mitengo ya makampani atatu ovomerezeka kuti ndisankhe, poti masamu ndi anga. Ndiye amene anasankha kampaniyo ndine. Inatumiza amisiri awiri, mzungu wachikulire wosalankhula ndi mnzake wakuda. Wakudayo atandimva ndikukalipira Luntha m'Chichewa anaima ndi paipi m'manja, amvekere, ah, amama, kansi ndimwe a kwathu! Dzina lake ndi Killian, wa ku Chipata, ku Zambia. Mkazi wake anamwalira, ali ndi mwana mmodzi wamkulu.

Ameneyu ndiye mwamuna wa pa denga amene munamva. Anakweradi, masiku atatu, masanasana, mzungu uja ali naye, msewu wonse ukuona. Wina wa ku tchalitchi amene ankadutsa ali m'basi anamuona pa dengapo, ndipo nkhani inafika ku Ilford itamera nthenga, pofika ku Linthipe inali ikuuluka.

Killian ndi mmisiri waukhondo. Chinyanja chake cha m'tauni chinkandiseketsa. Nditamuuza kuti dzuwa la kuno ndi lopanda ntchito, anandiyankha kuti manje amama, zuba ya kuno ni yaulesi, koma ukaipatsa nchito isebenza, ndiye kuti limaigwira. Atakwera kudenga anafunsa amene anayala zofunda zija. Nditamuuza kuti ndi mwana wa achimwene anga, anati makampani ambiri sayala bwino chotero.

Za dzuwa ananena zoona. Chilimwe cha chaka chino kunali mvula yosaneneka, moti ndinkaganiza kuti tataya ndalama. Koma pa khoma la kukhitchini anaikapo kachipangizo kosonyeza kutentha kwa madzi m'thanki, ndipo ngakhale kuli mitambo nambala imakwera ndithu. Masiku ambiri kuyambira Julayi boyila inkangogona. Boma nalo linasunga pangano, ndalama zija zinalowa titatumiza umboni wakuti ntchito yatha. Ndinaona ngati zachilendo, boma kunena chinthu n'kuchichitadi.

Tsono ndili ndi nambala yatsopano yowerenga m'mawa, koma iyi ikakwera ndimasangalala. Dainess amati wandichiritsa ndi matenda anga omwe. Ndimasamba m'bafa lodzaza mpaka m'khosi, nkhalamba ine. Luntha anauza aphunzitsi ake kuti agogo ake amaimba nyimbo za m'buku akamasamba, ndipo amadziwa mavesi onse. Tikulowa m'nyengo yozizira, gasi tidzamufunabe, koma sindidzazimitsanso boyila. Ndinalonjeza.

Tsopano ndifike pamene pandivuta kulemba. Ndikufuna mumve kwa ine, osati kwa a m'basi.

Mu Ogasiti Killian anabwera kudzaona ngati zonse zikuyenda, monga mwa ntchito yake. Mu Seputembala anabweranso, atavala jekete, ali ndi mayi wina wachikulire, azakhali ake a ku Tottenham. Ulendo umenewu sunali wa mapaipi. Anasankha tsiku limene Dainess anali kuntchito, ndipo anafikira kwa ine. Azakhali akewo anati mwana wawo waona khalidwe m'nyumba muno, ndipo akufuna adziwe khomo loyenera kugogoda. Ndinawauza kuti ndamva, ndifunsa mwini wake.

Madzulo ake ndinamuuza Dainess. Anangopitiriza kupukuta mbale imodzi yomweyo. Kenako anati iye sanasudzulidwe, akadali mkazi wa m'banja lathu, ndipo nkhani yotere sangaimve n'komwe amalume asanalankhule. Anati ndikawauze kuti ngati angadikire adikire, ngati sangathe apite ndi mtendere. Ndinamufunsa kuti nanga mtima wake ukuti chiyani. Anati mtima nawo udikira. Koma mbale ija ankaipukutabe, Achimwene, ndipo ine ndine mkazi, ndinamva zimene sananene.

Chichokereni tsiku limenelo Killian sanapondenso pakhomo pano. Makapu a tiyi amene wamwa m'nyumba muno ndi asanu, ndipo onse ndinathira ndine.

Taganizani bwino. Kuno kulibe lamulo lomuletsa Dainess kukwatiwa mawa m'mawa. Nyumba ili m'dzina lake, malipiro ndi ake, mapepala ake ali bwino. Anzake a kuntchito amamuseka, akuti mkazi wophunzira ngati iwe ukudikira mawu a nkhalamba ya kumudzi imene ilibe ngakhale magetsi? Iye amawayankha kuti nkhalamba imeneyo ndi imene inamulandira m'banja, ndipo ndi yomweyo idzamutsegulire chitseko.

Marvin anafunsa kuti boma lidziwa bwanji. Anzake a Dainess akufunsa kuti amalume adziwa bwanji. Yankho lake ndi limodzi kwa onse. Mwana uyu sayamba ntchito chilolezo chisanafike, kaya pali womuona kaya palibe. Khalidwe limene mukumuimbira mlandu ndi lomwelo limene likusunga ulemu wanu kuno, pa mtunda umene maso anu sangafike.

Musaganize kuti sindinawerengere mbali yanga. Ndawerengera. Mukakana kumusudzula, wopindula ndine. Ndidzakhalabe m'chipinda changa, ndi namwino wanga, ndi bafa langa, mpaka tsiku langa. Mukamusudzula n'kukwatiwa, ndidzakhala mayi wa mwamuna woyamba m'nyumba ya mwamuna wachiwiri, ndipo inu mukudziwa kuti mpando umenewo ndi wolimba. Dainess akuti bedi langa silidzasuntha. Mwina ndi zoona. Koma ngakhale likanati lisunthe, sindingasambe madzi otentha a mwana uyu kwinaku nditamugwira mwendo. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Biswick anamukonda, ndipo iye anamusamala mpaka mapeto. Anatumiza thupi lake kwanu kuti mumuike nokha, pamene ena ankamulangiza zomuika konkuno kuti achepetse ndalama. Chiliza chimene mukukamangacho walipira ndi iye.

Za Marvin musade nkhawa. Lamulungu lapitali ndinamuitana, ndipo poti ndine azakhali ake sakanakana. Anabwera nkhope ili pansi. Ndinamuuza mawu a Killian a zofunda zija. Anakwera kudenga n'kukhalako nthawi, akuyang'ana mmene mapaipi anayendera. Atatsika anatsegula mpopi kuti asambe m'manja, n'kuchotsa dzanja msanga. Amvekere, azakhali, limeneli ndi dzuwa lokha? Ndinati lokha. Dainess anamuikira chakudya, ndipo anadya, anaonjezeranso. Kukuimbirani foni kuti abweze mawu ake ndiye akuchita manyazi. Anatengera inu. Ndinamuuza kuti ndilemba ndine, ndipo sananditsutse. Musamukalipire. Anabwera ndi makwerero chifukwa chondikonda.

Ine sindibwera mu Disembala. Adokotala akuti chifuwa changa sichingapirire ulendo. Zikundipweteka kuti sindidzaona dzina la mwana wanga pa mwala. Dainess adzabwera ndi Luntha, ndipo uthenga wanu wa pa foni sindinamuuze. Akukonzekera ulendo ndi mtima woyera. Wakugulirani jekete lochindikala, ndi nsapato za alamu.

Ndiye pempho langa ndi ili, Achimwene, ndipo ndikupempha nditagwada ngakhale maondo anga sakufuna. Mukatha za chiliza, muitane ankhoswe a kwawo, mukhale pansi monga mwa mwambo. Mumusudzule mwaulemu, pamaso pa anthu, ndi mawu abwino. Munene kuti anasunga mwana wathu, anasunganso mayi ake. Kandalama kamene mudzamupatse m'manja ndatumiza kale kudzera kwa a Reinford, amene akubwera mwezi wamawa, kuti musavutike. Koma mawuwo sindingatumize. Ayenera kutuluka pakamwa panu.

Chilolezo cha boma anachidikira miyezi, ndipo chinafika. Chanu wachidikira zaka zitatu. Makwerero akadali pansi, ndipo iye akadali chigwadire, atawagwira ndi manja awiri. Mumudzutse.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mankhwala asamadumphitse. Moni kwa ana onse ndi adzukulu, kwa abusa, ndi kwa amayi a chigwirizano amene akundikumbukirabe. Mukapita kumanda mumuuze Biswick kuti mayi ake sakumvanso kuzizira, ndipo mumuuze amene anachititsa.

Ambuye akusungeni, akupatseni mvula yabwino chaka chino, ndi mtima wofewa powerenga kalatayi. Ndilekere pano. Dzuwa latuluka pang'ono, nambala yakwera, ndikukasamba.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mable